Madzi a suweji akamabwerera mumtsinje, klorini yekha sakwanira

Amene mwakhalako ku Indianapolis mukulidziwa damu la Eagle Creek, kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu. Loweruka ndi Lamlungu kumadzaza anthu owedza nsomba, opalasa mabwato ndi mabanja ootcha nyama. Chomwe ambiri sitiganizira n'chakuti damu lomwelo ndi limodzi mwa magwero a madzi omwe amatuluka m'mipopi ya mumzindawu. N'chifukwa chake mu 2025 kudabuka mkangano anthu atamva zoti madzi a suweji oyeretsedwa azithiridwa kumeneko.

Nkhani yake ili chonchi. Ku Lebanon, m'dera la Boone County, boma la Indiana likukonza malo aakulu a mafakitale otchedwa LEAP, komwe kampani ya mankhwala ya Eli Lilly ikumanga mafakitale ake. Kumeneko madzi ndi ochepa. Ganizo loyamba lidali lopopa madzi a pansi pa nthaka m'mbali mwa mtsinje wa Wabash, kufupi ndi Lafayette, koma anthu a kumeneko adakana kwamtuwagalu. Kenako bungwe la Citizens Energy Group, lomwe limayendetsa madzi ndi suweji ku Indianapolis kuyambira 2011, lidavomera kumatumiza ku Lebanon madzi ofika magaloni 25 miliyoni pa tsiku, omwe ndi malita pafupifupi 95 miliyoni. Koma madzi akapita, amayenera kukatulukira kwinakwake. Ndondomeko yomwe idamveka ndi yoti madzi ogwiritsidwa ntchitowo, akayeretsedwa, azibwezedwa ku Eagle Creek.

Mwina wina anena kuti, ife tidabwera kudzathyola matimati ndi kuzula ngayaye za chimanga, za madamu zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza ndithu, abale. Munthu wogwira ntchito padzuwa la July amamwa madzi ochuluka kuposa wokhala mu ofesi. Ana athu akusamba ndi kumwa madzi omwewa. Ndipo bilu ya madzi ikakwera, lendi nayo simachedwa kukwera.

Kuyeretsa sikuchotsa zonse

Madzi ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'makhitchini akafika kumalo oyeretsera, amayamba asefedwa kuti zinyalala zikuluzikulu zitsale. Kenako amawadikha m'matanki kuti matope akhale pansi. Akachoka apo amalowa m'matanki ena momwe muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe ntchito yake ndi kudya zonyansa. Lamulo la dziko lino limafuna kuti pofika pamenepa, zonyansa zowola zosachepera 85 pa 100 zilizonse zikhale zitachoka. Pomaliza amapha majeremusi, kawirikawiri ndi klorini kapena ndi kuwala kwa UV, n'kuwatsanulira mumtsinje.

Madziwo amatuluka ooneka oyera, koma mumakhala zotsalira zosungunuka zomwe diso silingaone. Zina ndi zochokera ku masamba ndi dothi, zofanana ndi zomwe zimachititsa madzi a padambo kuoneka ngati tiyi mvula yoyamba ikagwa. Zina ndi zomwe tizilombo todya zonyansa tija tatulutsa m'matupi mwake. Zina ndi zotsalira za sopo, mafuta odzola ndi mankhwala omwe anthufe timamwa n'kukodza. Zonsezi pamodzi tizitchule kuti zowolerana zosungunuka. Pazokha zambiri mwa izo sizidwalitsa munthu. Vuto limabwera zikakumana ndi klorini.

Klorini akakumana ndi zowolerana

Klorini sasankha. Akalowa m'madzi amaluma chilichonse chomwe wapeza, kaya ndi jeremusi ya kolera, kaya ndi madzi a tsamba lowola. Akalumana ndi zowolerana, pamabadwa mankhwala atsopano omwe sadalimo poyamba. Izi zidadziwika mu 1974, pomwe katswiri wa ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, Johannes Rook, adapeza chloroform m'madzi akumwa othiridwa klorini. Kuchokera nthawi imeneyo akatswiri apeza mitundu yoposa 600 ya mankhwala obadwa chonchi.

Bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA lidaika malire pa mitundu 11 yokha. Magulu awiri akuluakulu amalembedwa kuti TTHM ndi HAA5. Malire a TTHM ndi magawo 80 mwa magawo 1 biliyoni a madzi, ndipo a HAA5 ndi 60. Kuti timvetse kuchepa kwake, m'thanki ya malita 1,000 musapitirire mamiligalamu 80 a TTHM, kamlingo kosakwana ngakhale kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Malamulowa adakhwimitsidwa mu 1998 ndi mu 2006.

Nkhawa si yoti munthu akamwa kapu imodzi adwala, ayi. Ndi ya zaka zambiri. Kafukufuku wa m'maiko angapo wasonyeza kuti anthu omwe amwa ndi kusamba madzi okhala ndi mankhwalawa ochuluka kwa zaka makumimakumi amakhala pachiopsezo chokwererapo cha khansa ya chikhodzodzo. Gulu la TTHM limalowanso m'thupi kudzera pakhungu ndi mu nthunzi yomwe timapuma posamba madzi otentha.

Madzi a suweji ali ndi vuto lawolawo. Zotsalira zake zimakhala ndi nayitrojeni wambiri, ndipo zoterezi zimabala mankhwala ena, monga NDMA, omwe poyesa pa nyama asonyeza kuti amayambitsa khansa ngakhale ali ochepa zedi. NDMA amapangika makamaka pomwe madzi akutetezedwa ndi klorini wosakaniza ndi amoniya, njira yomwe mizinda yambiri idatenga pofuna kuchepetsa TTHM. Kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje. Ndipo NDMA sali m'gulu la mitundu 11 ija yomwe ili ndi malire a dziko lonse.

Pali chinthu china chofunika kwa ife obwera ndi nyengo. Mankhwalawa amachuluka madzi akatentha komanso akakhalitsa m'mapaipi, choncho amakwera m'chilimwe ndiponso kunyumba zomwe zili kumapeto kwa mzere wa paipi. Koma lamulo limawerengera avereji ya chaka chonse pamalo aliwonse oyezera. Munthu wobwera mu June n'kuchoka mu October amamwa madzi a miyezi yomwe manambala amakhala pamwamba.

Aliyense ali kumunsi kwa mnzake

Mkangano wa Eagle Creek ukumveka ngati chinthu chachilendo, koma ku Indianapolis zoterezi zidayamba kale. Gwero lalikulu la madzi a mzindawu ndi mtsinje wa White River. Usadafike mumzinda, mtsinjewu umadutsa ku Muncie, Anderson ndi Noblesville, ndipo mizinda yonseyi imathiramo madzi ake a suweji oyeretsedwa. Nthawi ya mvula madziwo amasungunuka m'madzi ambiri. Koma nthawi ya chilala, monga cha 2012 pomwe akuluakulu a Indianapolis adaletsa kuthirira kapinga, mtsinje umaphwera pomwe mipopi ya suweji ikutulutsabe monga mwa masiku onse. Pamenepo gawo la madzi a suweji mumtsinje limakula.

Anthu a kuno sadaiwale za December 1999, pomwe mankhwala ochokera ku fakitale ya Guide Corporation ku Anderson adadutsa pamalo oyeretsera suweji a mzindawo n'kulowa mu White River. Nsomba zoposa 4 miliyoni zidafa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Lidali tsoka la mtundu wina, koma lidaphunzitsa kuti chomwe chathiridwa ku Anderson chimafika ku Indianapolis.

Nawo mzinda wa Indianapolis uli ndi anzake akumunsi. Malo ake awiri oyeretsera suweji, Belmont ndi Southport, amatsanulira mu White River momwemo, ndipo mtsinjewo umatsetsereka kummwera chakumadzulo mpaka kukakumana ndi Wabash, m'chigawo chomwe ambiri a ife timakakolola mavwende. Kwa zaka zambiri, mvula yochepa chabe inkachititsa kuti suweji yosayeretsedwa isefukire m'mitsinje, chifukwa mapaipi akale amanyamula madzi a mvula ndi a m'zimbudzi pamodzi. Potsatira mgwirizano wa mu 2006 ndi boma lalikulu, kudakumbidwa ngalande za pansi pa nthaka zotchedwa DigIndy, zotalika makilomita 45, zakuya mamita oposa 70, zotha kusunga magaloni 250 miliyoni mpaka mvula itakata. Ntchitoyi yadya ndalama pafupifupi $2 biliyoni. Ndi chitukuko chenicheni. Koma ngalandezi zikungothandiza kuti suweji ifike kumalo oyeretsera. Za zotsalira zosungunuka zija ndi nkhani ina.

Ku South Bend zinthu n'zosiyana

Abale omwe muli ku South Bend, madzi anu akumwa sachokera mumtsinje. Amapopedwa m'zitsime zakuya. Madzi a pansi pa nthaka amakhala atasefedwa ndi mchenga ndi miyala, choncho zowolerana zimakhala zochepa, ndipo kawirikawiri mankhwala obadwa ndi klorini amakhalanso ochepa. Apa ndiye pali umboni wa mfundo yonseyi: klorini ndi yemweyo, koma akapanda kupeza choluma sabala zambiri.

Udindo wa South Bend uli pa zomwe ikutumiza kwa ena. Mtsinje wa St. Joseph umafika mumzindawu utalandira kale madzi a ku Elkhart ndi Mishawaka. Ukalandiranso a South Bend umakhotera kumpoto, kulowa ku Michigan, kudutsa ku Niles ndi m'minda ya zipatso ya ku Berrien County, mpaka kukathira mu Lake Michigan pakati pa mizinda ya St. Joseph ndi Benton Harbor. Mizinda iwiriyi imamwa madzi a m'nyanjayo.

South Bend idatchuka ndi nzeru yomwe idayambira pa yunivesite ya Notre Dame. Kuyambira 2008 mzindawu udaika timakina m'mapaipi a suweji toyeza kuchuluka kwa madzi, kuti mvula ikagwa madzi azikankhidwira ku mapaipi omwe ali ndi malo. Kusefukira kwa suweji mumtsinje kudatsika kwambiri, ndipo mu 2021 mgwirizano wa mzindawu ndi boma lalikulu, womwe udapangidwa mu 2011, udakonzedwanso kuti ntchito yotsala ikhale yotsika mtengo. Koma nako kukubwera mafakitale. Ku New Carlisle, kumadzulo kwa mzindawu, kampani ya Amazon idalengeza mu 2024 zomanga malo osungira makompyuta a ndalama zokwana $11 biliyoni, ndipo alimi a kumeneko akhala akufunsa za tsogolo la madzi a pansi pa nthaka. Madzi abwino akamalimbiranidwa, maso a anthu amatembenukira ku madzi ogwiritsidwa kale ntchito.

Ku Indiana, malo oyeretsera suweji amayenera kupha majeremusi kuyambira 1 April mpaka 31 October, nyengo yomwe anthu amasambira m'mitsinje, yomwenso ndi nyengo yathu ya kumunda. Omwe amagwiritsa ntchito klorini amathira mankhwala ena omuzimitsa madzi asadalowe mumtsinje, kuti nsomba zisafe. Koma kuzimitsa klorini sikuchotsa zomwe wabala kale, ndipo zowolerana zomwe zatsala zimapita kukadikira klorini wa mzinda wakumunsi.

Njira zilipo, nkhani ndi ya ndalama

Nzeru yake ndi yomwe amayi athu ankaidziwa kale: madzi a matope umayamba wawadikha ndi kuwasefa pansalu, kenako ndiye uthire mankhwala. Chotsa zonyansa kaye, klorini abwere pambuyo.

Njira yotsika mtengo ndi kuthira alamu kapena mchere wa chitsulo kuti zowolerana zigwirane n'kukhala pansi. Malamulo a EPA amalamula malo ambiri oyeretsera madzi akumwa ochokera m'mitsinje kuchotsa pakati pa 15 ndi 50 pa 100 ya zowolerana, malinga ndi mtundu wa madziwo. Koma njirayi imagwira bwino zochokera ku masamba ndi dothi, pomwe tizidutswa ting'onoting'ono ta m'suweji tambiri timapulumuka.

Njira yachiwiri ndi makala okonzedwa mwapadera, okhala ndi timabowo tambirimbiri momwe zowolerana zimakanirira. Mzinda wa Cincinnati, kwa aneba athu ku Ohio, wakhala ukusefa madzi a mtsinje wa Ohio ndi makalawa kuyambira 1992. Makala akadzaza amayenera kuotchedwanso kapena kusinthidwa, ndipo apo ndi pomwe pamalowa ndalama.

Yachitatu ndi mpweya wa ozoni, womwe umaphwanya zowolerana kuti tizilombo ta m'sefa tithe kuzidya. Chenjezo lake ndi lakuti m'madzi okhala ndi bromide, ozoni amabala bromate, yemwe malire ake ndi magawo 10 okha mwa 1 biliyoni. Yachinayi ndi kukankha madzi mwamphamvu pa sefa yopyapyala kwambiri yomwe imatsekereza ngakhale mchere. Imayeretsa kuposa zonse, koma imadya magetsi ambiri ndipo imasiya madzi amchere ofunika kowataya.

Izi si nthano za azungu okha. Mzinda wa Windhoek ku Namibia wakhala ukusandutsa madzi a suweji kukhala akumwa kuyambira 1968, ndipo malo ake atsopano a Goreangab, omwe adatsegulidwa mu 2002, amaphatikiza ozoni, makala ndi sefa zopyapyala, klorini n'kubwera kumapeto. Ngati dziko la m'chigawo chathu cha SADC likutha, Indiana singanene kuti nzosatheka.

Funso lenileni ndi lakuti alipire ndani. Zowolerana zikachotsedwa ndi amene akuthira madziwo, mtengo umagwera iye ndi mafakitale omwe akupindula. Zikasiyidwa kuti zilowe m'damu, mtengo umagwera omwa madzi akumunsi, kudzera m'bilu kapena m'matupi mwawo. Kunena kuti madzi akukwaniritsa lamulo n'koona, koma sikokwanira, chifukwa chilolezo chothira madzi mumtsinje chimayang'ana kwambiri majeremusi, amoniya, fosiforasi ndi mpweya wa nsomba. Sichifunsa kwenikweni kuti madziwo akakumana ndi klorini wa mzinda wina adzabala chiyani.

Tisaope klorini, tisachitenso zinthu mwaphuma

Apa tisamvane molakwika. Klorini wapulumutsa miyoyo yosawerengeka kuchokera pomwe mzinda wa Jersey City udayamba kumuthira m'madzi akumwa mu 1908. Ife a ku Malawi tikudziwa bwino. Kolera yemwe adayamba mu March 2022 adapha anthu oposa 1,700 kwathu, ndipo WaterGuard ndi klorini wa pachitsime ndi zomwe zidateteza mabanja ambiri. Bungwe la WHO limanena momveka kuti kupha majeremusi kusachepetsedwe chifukwa choopa mankhwala obadwa ndi klorini. Kolera amapha m'maola ochepa, pomwe chiopsezo chinachi ndi chaching'ono ndipo chimatenga zaka. Mukamaimba foni kumudzi musakauze anthu kuti asiye kuthira mankhwala m'ndowa.

Phunziro lina lili ku Flint, ku Michigan konkuno. Mu April 2014 mzindawo udayamba kumwa madzi a mtsinje wa Flint, omwe ali ndi zowolerana zambiri. Majeremusi atapezeka adawonjezera klorini, ndipo TTHM idadutsa malire. Pofuna kuchotsa zowolerana adawonjezera mchere wa chitsulo, koma sadathire mankhwala oteteza mapaipi ku dzimbiri. Madziwo adadya mapaipi akale, mtovu n'kulowa m'madzi omwe ana ankamwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kusintha gwero la madzi kapena kuwonjezeramo china kumafuna kuyeza mofatsa zisadachitike.

Nanga banja lichite chiyani?

Choyamba, dziwani komwe madzi anu akuchokera. Bungwe lililonse logulitsa madzi limayenera kutulutsa lipoti la chaka pofika 1 July. Ife a lendi nthawi zambiri silitifika chifukwa bilu imapita kwa eni nyumba, koma limapezeka pa intaneti ndipo mukhoza kulipempha. Yang'anani mizere ya TTHM ndi HAA5, muone nambala yapamwamba, osati avereji yokha.

Chachiwiri, ngati mukukhala kukampu kapena m'nyumba ya pafamu yomwe ili ndi chitsime chakechake, dziwani kuti zitsime za anthu pawokha siziyang'aniridwa ndi EPA. Kumeneko mdani wamkulu ndi majeremusi ndi nayitireti wochokera ku feteleza ndi ndowe, yemwe malire ake ndi mamiligalamu 10 pa lita. Nayitireti ndi woopsa kwa makanda osakwana miyezi 6, ndipo kuwiritsa madzi kumangomuwonjezera mphamvu. Funsani abwana kapena a zaumoyo a m'dera lanu kuti madziwo adayezedwa liti. Safunsa adadya phula. Musamathire jiki mongoyerekeza m'madzi a mbuu, ndipo chitsime chikatsukidwa ndi klorini, tsegulani mipopi mpaka fungo litatha.

Chachitatu, jagi yosefera ya makala imachepetsa TTHM ngati ili ndi chizindikiro cha NSF/ANSI 53 ndipo palembedwa kuti imachotsa mankhwalawa. Sefa yake muzisintha pa nthawi yake. Posamba madzi otentha tsegulani zenera kapena yatsani fani.

Chachinayi, kumunda musachepetse kumwa madzi chifukwa cha nkhaniyi. Kutentha kumapha tsiku lomwelo. Lamulo la OSHA limati famu yokhala ndi antchito a manja 11 kapena kuposerapo ipereke madzi akumwa abwino ndi ozizira bwino, kwaulere. Madzi a m'paipi yothirira mbewu si akumwa, ndipo paipi ya mtundu wa pepo imatanthauza madzi a suweji oyeretsedwa, osayenera kumwa. Mvula yamphamvu ikagwa, ana asalowe mu White River kapena mu St. Joseph kwa masiku angapo.

Pomaliza, zilolezo zothira madzi m'mitsinje zimaperekedwa ndi nthambi ya boma la Indiana ya IDEM, ndipo chilolezo chisadaperekedwe pamakhala masiku osachepera 30 oti aliyense apereke maganizo. Amene simuli omasuka kulemba panokha, lankhulani kudzera m'magulu athu. Mafunso ake ndi atatu basi: madziwo azichotsedwa zowolerana zochuluka bwanji asadathiridwe, adzayezedwa NDMA ndi anzake nthawi ya chilala, ndipo ndalama zake alipira ndani? Amene akufuna kuthira madzi m'damu lomwe ana athu akumwa ayankhe zimenezi paipi isadaikidwe, chifukwa madzi akatayika saoleka.